Mark X Yakale Ngati Galimoto ya Banja: Kagulidwe ndi Kasamalidwe Kake

Mukayendera malo ogulitsira galimoto ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kapena mukamaona zimene anthu amatsatsa pa Facebook, mupeza chinthu chodabwitsa. Toyota Mark X ya 2006, ya mipando yofewa ndi injini ya masilinda 6, mtengo wake sutalikirana kwenikweni ndi wa kagalimoto konga Vitz kapena Passo. Chimene chimaigwetsa mtengo ndi mantha. Anthu amati imamwa mafuta ngati yaboola thanki, ndipo sakunama kwenikweni. Koma manthawo ndi amene amapatsa mpata munthu wa ndalama zochepa kuti akhale ndi galimoto yamphamvu, yotakasuka, yoti banja lonse likwere n'kufika kumudzi msana usanapweteke.

Ine ndakhala ndi yanga zaka zisanu. Imanyamula ine, mayi a kunyumba ndi ana atatu. Zimene ndalemba pano ndi zimene ndikadafuna wina akadandiuza ndisanatulutse ndalama.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, werengani mafuta. Yanga m'tauni, kuima ndi kunyamuka kwa m'mawa kuja, imayenda makilomita 8 pa lita imodzi. Pa ulendo wautali, phazi likakhala lofatsa, imafika 12. Tsono tengani mtunda wanu wa tsiku ndi tsiku. Tinene kuti kupita kuntchito, kutula ana kusukulu ndi kubwerera ndi makilomita 30, masiku 22 pa mwezi. Amenewo ndi makilomita 660, omwe ndi malita pafupifupi 82. Kagalimoto kakang'ono koyenda makilomita 14 pa lita kangamwe malita 47 pa mtunda womwewo. Kusiyana kwake, malita 35, kuchulukitseni ndi mtengo umene a MERA alengeza, ndipo nambala yomwe yatulukayo muiyang'ane bwinobwino. Ngati ikulanda ndalama ya fizi kapena ya lendi, lekerani pomwepa. Walira mvula walira matope.

Ngati mwaona kuti mukwanitsa, gawani ndalama zanu pawiri. Gawo lalikulu ndi logulira galimoto. Gawo lina, osachepera limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse, libiseni ndipo wogulitsa asalinunkhize. Limeneli ndi la matayala, sevisi yoyamba, inshuwalansi, mapepala, ndi chilema chimene chidzatulukire mwezi woyamba, pakuti chidzatulukira ndithu. Anthu ambiri amene Mark X zawo zakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba si kuti anagula zoipa. Anathera ndalama yonse pa tsiku logula.

Dziwani Mark X imene mukufuna

Mark X inalowa m'malo mwa Mark II m'chaka cha 2004, ndipo Toyota inasiya kuipanga mu 2019. Ilipo ya mibadwo iwiri. Woyamba ndi wa 2004 mpaka 2009, wachiwiri ndi wa 2009 mpaka 2019. Osadalira zimene wogulitsa akunena, tsegulani boneti kapena chitseko muwerenge nambala ya chasisi.

Nambala ikayamba ndi GRX120, galimotoyo ndi ya mbadwo woyamba, injini ya malita 2.5 yotchedwa 4GR-FSE, mphamvu yake mahatchi 215. GRX121 ndi ya malita 3.0, mahatchi 256. GRX125 ndi ya 2.5 koma yokoka ndi matayala onse anayi. Pa mbadwo wachiwiri, GRX130 ndi ya 2.5, GRX133 ndi ya malita 3.5 ya mahatchi 318, ndipo GRX135 ndi ya matayala anayi.

Kwa banja, tengani ya 2.5. Mphamvu yake ndi yokwanira kudutsa thiraki pa chitunda cha Linthipe galimoto itadzaza, ndipo masipeya ake ndi amene ali mbwee. Ya 3.5 ndi yokoma kuiyendetsa, sindikana, koma mahatchi owonjezerawo mudzawadyetsa tsiku lililonse pamene mudzawagwiritsa ntchito kawiri pa chaka. Ngati thumba likulola, GRX130 ili ndi ubwino wina: ku Japan injini yake inakonzedwa kuti izimwa petulo wamba, mphamvu n'kutsika pang'ono kufika mahatchi 203, pamene ya mbadwo woyamba anaipangira petulo wapamwamba. Kuno pa filing'i petulo ndi wamtundu umodzi, ndiye yosasankha ndiyo imatiyenera.

Onaninso matayala. Ya malimu a mainchesi 16, yovala 215/60R16, ndiyo ya misewu yathu. Ya malimu a 18 imaoneka bwino pa chithunzi, koma tayala lake ndi lopyapyala, dzenje limodzi la mvula likhoza kupinda limu ndi kutupitsa tayala nthawi imodzi.

Kuitanitsa kunja kapena kugula ya pompano

Kuitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe kumakupatsani galimoto yomwe sinalawe maenje athu. Vuto lake ndi msonkho. A MRA amayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo Mark X yakale imalakwa mbali zonse ziwiri. Funsani wothandiza za kasitomu akuwerengereni msonkho wonse musanatumize dola ndi imodzi yomwe. Pemphaninso auction sheet, pepala la kumsika wa ku Japan. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yofunika kuifufuza, ndipo chilembo R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Ambiri a ife timagula ya pompano, yomwe msonkho wake wina analipira kale. Apa chimene mukugula kwenikweni ndi khalidwe la mwini wake wakale. Galimoto ya munthu mmodzi amene amasunga malisiti a sevisi, ngakhale penti itafwifwa, imaposa yonyezimira yomwe yadutsa m'manja mwa anyamata anayi.

Tsiku lokaona galimoto

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, choncho musathamange.

Panganani m'mawa, ndipo muuzeni wogulitsa kuti asailize musanafike. Mukafika ikani dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, wayamba waitenthetsa kuti ibise zimene imachita ikadzuka. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo akhale ndi kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya galimoto. Tsikulo mulipireni bwino.

Musanalize, yatsani magetsi a pa dashibodi okha. Nyali zonse ziyenera kuyaka, makamaka ya check engine, ya ABS ndi ya airbag, kenako zizime injini ikalira. Nyali yomwe sikuyaka n'komwe ndiye kuti wina anaitseka kapena anaizula. Mchenjere wina anandionetsa galimoto yomwe nyali ya check engine anaimata ndi tepi yakuda kumbuyo kwa galasi. Titalumikiza kachipangizo kaja panatuluka zolakwika zisanu ndi chimodzi, china mwa izo n'chakuti catalytic converter, chosefa utsi cha pa paipi ya utsi, anaichotsa kalekale n'kugulitsa. Kunja inali phuliphuli. Chikomekome cha nkuyu.

Tsopano lizani, makutu ali tcheru. Injini yabwino ya V6 imadzuka n'kukhazikika, osanjenjemera. Kaphokoso kofatsa ka tiki-tiki n'kachibadwa pa injini imeneyi, chifukwa imapopera petulo molunjika mu silinda ndi mphamvu yaikulu. Koma phokoso la gwedegwede la masekondi angapo ikangolira, ngati unyolo ukukhula chitsulo, limaloza ku magiya a VVT-i, amene amasintha nthawi yotsekukira mavavu, kapena ku timing chain, unyolo wa m'kati mwa injini, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi oyilo wosinthidwa mochedwa. Tsegulani chitsekerero cha oyilo muunike m'kati ndi tochi ya foni. Chitsulo choyera kapena chachikasu ndi chizindikiro chabwino. Phala lakuda longa phula likuuzani kuti mwiniwake ankaidyera masuku pamutu. Mwana kapena mnzanu aime kumbuyo aone utsi pamene mukuponda mafuta. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wosatha, wonunkhira ngati shuga, ndi madzi akulowa mu injini, ndipo galimoto yotero isiyeni ngakhale atatsitsa mtengo.

Yang'anani kutsogolo kwa injini, pamene pali water pump. Pa injini za mtundu wa GR, monga ya Mark X, chimenechi ndicho chimakonda kutopa. Mukaona zouma zapinki zitamatirira mozungulira, ikudontha. Si chifukwa chothawira galimoto, koma ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Madzi a mu rediyeta akhale apinki. Akakhala adzimbiri, akhala akuthira a pampopi.

Kenako muiyendetse nokha, osachepera mphindi makumi awiri, osati kuzungulira mpanda wa pamalopo. Pezani chitunda. Giya iyenera kusintha mosamveka, ndipo mukaponda mafuta mwamphamvu itsike giya msanga osagunda, osaliza injini pachabe. Imani, ikani R, kenako D. Kugunda kwamphamvu kumbuyo kumaloza ku mabushi a difu kapena ku shafuti. Pa liwiro la 80 zimitsani wailesi mumvetsere ngati kumbuyo kukulira ngati mphepo ya m'botolo. Pa msewu wowongoka masulani pang'ono chiwongolero muone ngati ikukokera mbali. Dutsani dala pa msewu wa fumbi wa mabampu kuti mashoko ndi mabushi alankhule. Nthawi yonseyi diso likhale pa muvi wa kutentha, AC ili yoyatsa.

Pomaliza ikwezeni pa dzenje la pagalaja. Mark X ndi yotsika, choncho pansi pake pamalembedwa mbiri yonse ya misewu imene yadutsa. Onani ngati beseni la oyilo linaphwanyidwapo, ngati paipi ya utsi inawotcheredwa, ngati chasisi ili ndi makwinya. Pitsani dzanja m'kati mwa matayala akutsogolo, chifukwa amakonda kudyeka m'mphepete mwa m'kati kunja akuoneka atsopano. Kwezani kapeti ndi kuyang'ana pansi pa tayala la sipeya. Matope ouma m'malo amenewa amasonyeza kuti galimoto inamirapo, ndipo chichitikireni namondwe Freddy mu March 2023 funso limeneli si lopusa, makamaka kummwera. Galimoto yomira imavuta mawaya mpaka kalekale.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, amabwezedwa. Khulupirirani mphira ya pa buleki, chikopa cha chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Kachikwangwani kosokedwa kumunsi kwa lamba kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo kamathandiza pamene wogulitsa akuichepetsera zaka. Dashibodi yong'aluka kapena yomata ndi nthenda yodziwika ya mbadwo woyamba ikakhalitsa padzuwa. Ndi yonyansa m'maso koma siimitsa ulendo. Funsaninso makiyi awiri. Kiyi wa galimoto yoliza ndi batani ndi wodula kupangitsa.

Mapepala

Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa mu blue book, chilembo ndi chilembo. Dzina la mu blue book likhale la munthu amene mukumupatsa ndalama. Akayamba zoti "ndi ya achimwene ali ku Joni", dikirani achimwenewo kapena kalata yawo yovomerezeka. Funsani ngati galimoto sinaikidwe chikole ku banki kapena kwa wakatapila, ndipo kukaitsimikiza ku polisi kuti si yobedwa si kutaya nthawi. Ku Road Traffic pitani limodzi ndi wogulitsa mukasinthe umwini, ndipo ndalama yomaliza muipereke zimenezi zikatheka. Madobadoba a pageti adzakulonjezani njira yachidule. Imani pa mzere. COF ndi inshuwalansi zikhale zamoyo musanakweze mwana aliyense.

Sabata yoyamba

Wogulitsa aliyense amati "sevisi ndangopanga kumene". Muyankheni zikomo, kenako mupange yanu ndi ndalama munabisa ija.

Oyilo wa injini akhale 5W-30 wa mtundu wodziwika, wogula m'sitolo yodalirika, osati wopungulira m'botolo la pamsewu. Imalowa malita opitirira pang'ono 6. Amakaniko ena anazolowera kuthira 20W-50 m'galimoto iliyonse ati chifukwa kuno n'kotentha. Injini iyi ili ndi tinjira ting'onoting'ono ta oyilo topita ku VVT-i, ndipo oyilo wolemera amachedwa kufikako m'mawa. Ine ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta, chifukwa cha fumbi ndi maulendo afupiafupi.

Oyilo wa giya ndi nkhani ina. Giya imeneyi imafuna wa Toyota wotchedwa WS, ndipo ilibe kandodo koyezera. Amayeza kuchokera pansi, oyilo atafika pa kutentha koyenera. Makaniko amene akufunafuna kandodo m'boneti sanaigwirepo, musamulole aphunzirire pa yanu. Sinthaninso oyilo wa difu, amene ambiri amamuiwala mpaka difu italira.

Madzi a rediyeta akhetseni, muthire apinki oyenera. Funsani ngati thermostat, kachipangizo kosunga kutentha koyenera kwa injini, ilimo. Pali chizolowezi choichotsa poganiza kuti injini izizizira bwino, koma zotsatira zake injini imachedwa kufunda ndipo kompyuta imangothira mafuta ambiri. Anthu ena amene amadandaula kuti Mark X yawo imayenda makilomita 5 pa lita, vuto limakhala pomwepa, kapena pa masensa a utsi otopa.

Mapulagi ndi 6, a iridium. Ena mwa iwo ali pansi pa chitoliro cha mpweya, choncho ntchito yake ndi yotalikirapo, ndipo makaniko waulesi amasintha ofikirika okha. Khalani pomwepo muwerenge akale akamatuluka. Onjezani fyuluta ya mpweya, ya AC, mafuta a mabuleki, ndi mapadi ngati atha.

Matayala awerengeni zaka. Pambali pa tayala pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale mano akuoneka, mphira yake yauma. Pa galimoto yolemera chonchi, yokankha ndi kumbuyo, yonyamula ana, matayala a kaunjika ndimawakana. Bola kuchedwetsa wailesi.

Za wailesi tanenazi: ya ku Japan imagwira kuyambira 76 mpaka 90 pa FM, ndiye nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno simuzipeza. Kachipangizo kotchipa kotchedwa band expander kamathetsa vutoli. Zolemba za Chijapani za pa sikirini mungozizolowera, ine mpaka lero ndimadina mwa chikumbumtima.

Kukhala nayo tsiku ndi tsiku

Kumbuyo kumakwana ana atatu, koma wapakati amakhala miyendo ili tang'a chifukwa cha chitunda cha shafuti. Kwathu mpando umenewo amasinthana, apo ayi mlandu wake umafika mpaka ku Ntcheu. Aliyense amange lamba, wapakati yemwe, ndipo wakhanda akhale mu mpando wake womangirira, osati pamiyendo ya amayi kutsogolo kumene kuli airbag. Zitseko za kumbuyo zili ndi kabatani koletsa mwana kutsegula ali m'kati.

Buti ndi yaikulu, ndipo ndi imene imanyenga. Pobwerera kumudzi agogo adzafuna muikemo matumba atatu a chimanga, mtedza, maungu ndi nkhuku. Matumba atatu ndi makilogalamu 150, pamwamba pa anthu asanu. Galimoto imakhala pansi, ndipo bampu iliyonse imakhula. Tengani limodzi, enawo atsatire pa lole. Mabampu aatali muziwakwera mopingasa pang'ono, mwakachetechete. Ena amaikweza ndi zitsulo zowonjezera pa masipuling'i. Pang'ono pokha sizoipa, koma yambani mwasintha mashoko ndi masipuling'i otopa, chifukwa nthawi zambiri galimoto imakhala yatsika ndi ukalamba. Ikakwezedwa mopitirira imataya kukhazikika kwake pa ngodya, komwe ndi theka la chifukwa chimene munaigulira.

Nyengo ya dzinja kumbukirani kuti imakankha ndi matayala akumbuyo. Pa matope a katondo, mukaponda mafuta mwaukali, mbuyo imatsetsereka n'kufuna kutsogola. Pondani mofatsa, musaime pakati pa chithaphwi, ndipo ngati kumudzi kwanu msewu umafa December mpaka March, isiyeni pa sitolo ya pa tala mukwere kabaza. Palibe manyazi pamenepo.

Mafuta akasowa, monga tinaonera mizere ija ya 2022 mpaka 2024, chiyeso chimakhala kugula a m'zigubu. Injini iyi ili ndi pampu yopanikiza kwambiri ndi manozo osalola zinyalala, ndipo petulo wosakaniza ndi palafini kapena madzi amaziwononga. Thanki yake ndi ya malita 70, choncho mukaupeza dzazani, ndipo musazolowere kuyenda nyali ya mafuta ikuyaka, chifukwa pampu ya mu thanki imazizira ndi petulo yemweyo. Ulendo wa Lilongwe mpaka Blantyre, makilomita opitirira pang'ono 300, umandidyera malita 26 kapena 27, kuphatikiza ndalama ya pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni.

Ulendo wotere ndi mankhwala kwa injiniyi. Popeza petulo sadutsa pa mavavu olowetsa mpweya, mwaye umaunjikana pamenepo, makamaka pa galimoto yongozungulira m'tauni. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera ikaima ndi kutsamwa ponyamuka. Oyilo wabwino ndi kuyenda mtunda wautali nthawi ndi nthawi zimachedwetsa vutoli, koma likakula pamafunika kumasula chitoliro ndi kutsuka.

Za liwiro ndinene mosabisa. Galimoto iyi pa 120 imakhala phee ngati muli pa 70, ndipo ndi pamene pali msampha. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. M1 ndi msewu wa njinga, ngolo, mbuzi ndi ana a sukulu, ndipo pa Lizulu tsiku la msika anthu amadzaza mpaka pa tala. Mphamvu ya injini ntchito yake ndi kufupikitsa nthawi imene muli mbali ya eni ake podutsa thiraki. Potsika zitunda ngati za Chiweta kapena za Golomoti, tsitsani giya ndi dzanja kuti injini igwire, mabuleki asapse.

Masipeya ndi makaniko

Pezani makaniko mmodzi wodziwa magetsi ndi kompyuta za Toyota, mukhale naye. Galimoto yosinthasintha manja a amakaniko imatha ndi mawaya odulidwa ndi mabawuti osowa. Ku Biwi ku Lilongwe, ku Limbe ndi ku Ndirande masipeya a Mark X amapezeka, atsopano ndi ochotsa ku galimoto zina. Injini ya 4GR-FSE ilinso mu Toyota Crown ndi Lexus IS 250, choncho zina mukazisowa pa dzina la Mark X zifunseni pa mayina amenewo. Nyali, zitseko, magalasi, ngakhale makoyilo a mapulagi, zakale za ku Japan zimagwira bwino ndipo kawirikawiri zimaposa zatsopano zotchipa. Koma mapadi a mabuleki, ma ball joint, water pump ndi mafyuluta gulani zatsopano zenizeni. Chakale chimene chachotsedwa muzichitenga, kuti mutsimikize kuti chasinthidwadi.

Masipeya onsewa amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inalumpha sabata yomweyo. Kuyambira pamenepo ndimapatula kandalama mwezi uliwonse ku akaunti ya pa foni yomwe mayi a kunyumba amaitcha "fizi ya mwana wachinayi", ndipo fyuluta ya oyilo, lamba wa injini ndi koyilo imodzi ndimagula zisanafunike n'kusunga mu buti, pamodzi ndi jeke, chingwe chokokera, mathirayango awiri ndi botolo la madzi apinki.